Malegeni pa Chiwongolero

Ndikakumbukira bambo anga, ndimayamba kuona miyendo yawo itatulukira kunsi kwa kathirakitala kofiira, kuseri kwa chigafa chathu cha fodya. Kanali ka kalabu ya alimi a m'mudzi mwathu, cha kufupi ndi Santhe. Anakagula katatopa kale pa esiteti ina itatsekedwa, ndipo bambo ndiwo ankakayendetsa poti anaphunzira komweko ali tenanti. Ine ndinali kamtsikana kothirira nazale kudambo, ndipo pobwerako ndinkawapeza ali chagada pomwepo, akukalipira zitsulo ngati zimamva.

Vuto linali chiwongolero. Chili bwino chinkatembenuka ndi chala chimodzi, poti chimayendera oyilo, koma chaka chimenecho chinayamba kusewera. Ukachipotoza, matayala ankayamba aganiza kaye. Paipi ya oyilo inkadontha, ndipo mutu wa chitsulo chokankha tayala unali utadyeka mpaka kumagwedera ngati dzino la nkhalamba. Bambo anapempha a kalabu kuti akagule chatsopano kuboma. Aaa, anthu ake ati? Inali nthawi ya makuponi, aliyense mtima uli pa feteleza, ndipo akuluakulu ankangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, zinazo tidzaona. Ndiye bambo anachita zimene timachita tonse kwathu: chilichonse chogwedera timachimanga ndi malegeni, kaya ndi nkhuni panjinga, kaya ndi mitengo ya chigafa. Anakulunga paipi ija, anakoka mphira pachitsulo mpaka manja kutuluka matuza, n'kuthira oyilo wakuda wopempha kuchigayo. Amayi ankawauza tsiku ndi tsiku kuti chinthu chimenechi chidzawapha.

Mvula yoyamba itagwa, dothi likununkhira, ana tikuthamangitsa ngumbi, kunamveka kuti feteleza wotsika mtengo wafika ku Santhe ndipo sachedwa kutha. M'mawa mwake pakhomo pathu panadzaza anthu. Bambo anakana, anati kulimira m'munda pang'onopang'ono angayese, koma kukoka ngolo yodzaza pamsewu wamatope ayi. Tcheyamani wa kalabu, amene anakana kugula chitsulo uja, ndiye anakweza mawu kuposa onse: "Akulu, mukufuna mudzi wonse ugone ndi njala chifukwa cha kachitsulo?" Bambo anali munthu wamanyazi. Anavala chipewa chawo, osayang'ana amayi.

Masana ndinali kudambo, tikuzula mbande zokawokera, pamene ndinamva kulira kwa kathirakitala kaja kakutsika mtunda, ngolo itadzaza matumba oyera, eni ake akutsatira pambuyo pa njinga. Katatsala pang'ono kufika pamlatho wathu wamitengo, ndinaona bambo akuzungulitsa chiwongolero, kuzungulitsanso, matayala osamva. Malegeni anali ataduka. Kathirakitala kanaphonya mlatho n'kugudubuzikira mumtsinje, khuu! Matumba anamwazikira m'madzi, bambo ali pansi, chitsulo chitawapana mwendo.

Anthu anataya njinga n'kuthamanga. Ndinkayesa akuthamangira bambo. Ayi ndithu, ankathamangira matumba! Feteleza akalowa madzi amasungunuka ngati mchere, ndiye amuna akuluakulu, ena madikoni a kutchalitchi, ankawadumpha bambo anga atasenza matumba pamapewa, ine ndikukoka malaya a uyu ndi uyu, ndikulira mpaka mawu kutha. Anadzawatulutsa thumba lomaliza litafika kumtunda. Kuchipatala mwendowo anaudula.

Odzazonda ankakhala pamkeka n'kumati tsoka silinunkha. Bodza! Limeneli linanunkha oyilo nyengo yonse, ndipo aliyense anali ndi mphuno. Kathirakitala kanachita dzimbiri kudambo komweko mpaka ogula zitsulo zakale anadzakaphwasula.

Ndakula ndili ndi mkwiyo ndi mudzi umene uja, ndipo sindibisa. Nyengo imeneyo inandiphunzitsa kuti njala imasintha mtengo wa munthu, thumba n'kukhala lolemera kuposa mwendo. Koma chimene chimandiwawa kwambiri si anthu aja. Ndi mawu amene ndinawamva akuchokera pansi pa kathirakitala, mawu a bambo anga omwe, akukuwa kuti, "Yambani matumba, ine ndilipo!" Ndipo m'matumba onsewo munalibe lathu. Kuponi anatimana chaka chimenecho, ankati munthu woyendetsa thirakitala si wosauka.