Sunali mchere wanga

Abale anga, zimene ndikuuzeni pano sindinachite kumva kwa munthu, zinandigwera ine ndemwe, ndipo ndinamirenji ine mayi wamasiye amene sukulu ndinalekezera sitandade folo?

Mwamuna wanga anamwalira mu 1994 atatsokomola chaka chathunthu, kuwonda mpaka kutsala mafupa, kumapeto akulavula magazi. Kuchipatala sitinapite naye msanga chifukwa abale ake anali atagamula kale kuti ndi mdulo. Pamaliro pomwepo alamu anga aakazi ananena poyera kuti ndinamudula ndine, ati ndinkathira mchere m'ndiwo ndili kumwezi. Mwambowu mukuudziwa, mayi akakhala m'masiku amenewo amaitana mwana kuti amuthirire mchere. Ine ndinkasunga ndithu, koma pa zaka makumi awiri ndi zisanu za banja, ndani angalumbire kuti sanaiwalepo tsiku limodzi? Mlanduwo ndinangousenza.

Chaka chotsatira mwana wanga wamkazi, amene ankakhala kutsidya kwa nyanja, ku Birmingham, ndi mwamuna wake wa pa yunivesite, anandiitanitsa kuti ndipite ndi mwana wawo wa zaka zisanu ndi zinayi amene tinkamulera ife kumudzi. Tinkakhala ku Lozells, dera lina la mumzindamo, m'nyumba zogundizana zija, makolo a mwanayo kukacha ali kuntchito za mashifiti ndi kusukulu, wophika ndili ine. Tsono tsiku lina masiku anga atafika, ndiwo zili pamoto, ndinayang'ana uku ndi uku, mdzukulu ali kusukulu, oyandikana nawo ndi amwenye amene sitinkamvana chilankhulo. Ndikanaitana ndani? Ndinatapa mchere ndi dzanja langa n'kuthira.

Sipanathe mwezi, mdzukulu uja anayamba kutsokomola. Makolo ake ankati ndi kuzizira kwa kuno, koma ine chifuwa chimenecho ndinachizindikira, pajatu ndinagona nacho m'nyumba chaka chathunthu. Anayamba kukana chakudya, siketi ya yunifolomu n'kumagwa m'chiuno. Ndinasiyiratu kuthira mchere, mkamwini n'kumaseka kuti amayi atiyika pa dayeti, osadziwa kuti m'kati ndikupsa. Ndiye masana ena ndikuchokera naye kusukulu, pansi pali mbuu chipale chofewa, anaima pakhomo pa kashopu kena, natsokomola, nalavula. Pa choyera chija panagwa magazi. Anandiyang'ana n'kufunsa m'Chingerezi chake chatsopanocho ngati nayenso afe ngati agogo ake aamuna. Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo, anthu akundilambalala.

Madzulo ake ndinagwada pamaso pa mwana wanga wobala ndekha n'kuulula zonse, kuti ndinapha bambo ake ndipo tsopano ndikupha mwana wake. Sanandikalipire, analira chabe, ndipo m'mawa mwake tinali kuchipatala. Adokotala anamujambula mdzukulu wanga m'chifuwa, kumutenga makhololo, natiuza kuti ndi TB, ndipo kuti ayenera kuti anaitengera kwa malemu kumudzi konkuja, inangobisala m'thupi. Ine ndinavomera ndi pakamwa pokha. Mumtima ndinkati azungu angadziwe chiyani za mdulo?

Amene anandimasula ndi mtsikana wina wa ku Dedza amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi, wophunzira za tizilombo ku Coventry. Atamva nkhani yanga sananditsutse, anangoti ndikwere naye sitima ndikaone kumene amaphunzira. Kumeneko anandiveka chijasi choyera, n'kunditonza kuti lero adokotala ndine, kenaka anayika kagalasi pansi pa makina oonera zinthu zing'onozing'ono. Poyamba ndinkangoona nsidze zanga. Atapotokola pang'ono, ndinaona timitengo tofiira, towonda ngati tizidutswa ta ulusi, tili mbwee.

Anati amenewo ndiwo mabakiteriya a TB, anachita kuwapaka utoto kuti aoneke, ndipo ndi amoyo ngati ine ndi iye, kungoti alibe mutu, miyendo kapena mazira. Kalikonse ndi kathumba kamodzi kokutidwa ndi khungu, kakakhuta kamadzidula pakati n'kukhala tiwiri. Ati awa a TB khungu lawo ndi lokhuthala ngati phula, n'chifukwa chake mankhwala ake amamwa miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Anandionetsanso ena obulungira ngati mikanda, ena opotana ngati nsinga za maungu, nati amawasiyanitsa ndi maonekedwe komanso mmene khungu lawo limagwirira utoto. Ndinati ndiye zonsezi ndi mfiti zokhazokha. Iye anaseka, nati ayi mayi, ambiri ndi antchito athu: ndiwo amasasitsa chambiko, amawoletsa mapesi kukhala manyowa, amakhala m'timatuza tija ta kumizu ya mtedza n'kumanonetsa nthaka, ena ali m'matumbo mwathu momwemu. Ine amene ndazula mtedza moyo wanga wonse, timatuza timeneto ndinkatiyesa matenda.

Ndinamufunsa funso limodzi lokha, ngati timitengo tofiirato timalowera mu mchere. Anandigwira dzanja nati, "Mayi, timayenda mu mpweya munthu akatsokomola. Bambo sanafe ndi mchere wanu."

Ndinalira m'chipinda chimenecho kuposa mmene ndinalirira pamaliro.

Kuyambira tsiku limenelo mankhwala a mwana ndinawagwira ndine. Mdani ndinali nditamuona ndi maso, ndiye akanandithawira kuti? M'mawa uliwonse ndinkaima naye mpaka ameze, mkodzo wake utasanduka wofiirira sindinaope poti adokotala anatichenjeza kale kuti mankhwalawo amatero. Miyezi itakwana adokotala anati chifuwa chayera, siketi ija inali itamuthina. Tsiku limenelo ndinaphika nkhuku, ndinathira mchere ndekha onse akuona, mkamwini n'kuti dayeti yatha. Ndinalembanso kalata kwa alamu anga, ndi dzanja langa lokhotakhotali, kuwauza kuti chimene chinapha mchimwene wawo ndachiona, n'chofiira, ndipo chili ndi mankhwala. Sanayankhe, koma ine ndinatula.

Lero ndimakhulupirira kuti mwamuna wanga akanakhala moyo tikanathamangira kuchipatala m'malo mofunafuna wolakwa. Mwambo sindiunyoza, koma inu anzanga, munthu akatsokomola masabata atatu mutengereni akamuyeze makhololo, ndipo musamaloze chala mkazi wake. Mdzukulu wanga uja ali ndi ana ake awiri tsopano, ndipo akabwera kudzandiona amadandaula chinthu chimodzi chokha, ati agogo mumachulutsa mchere.