Dzina Lakhumi

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene mabelo anga awiri a fodya anabwezedwa ku okushoni kachiwiri. Madzulo ake tili pabwalo, alamu anga a Feston, mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga, ananena akuseka kuti, "Akamwini ena amabwera ndi khasu, ena amangobwera ndi mimba." Onse anaseka, ine ayi. Kwathu ndi ku Mitundu, koma ndinakwatira kuseri kwa Nathenje ndipo ndinkakhala pachikamwini, kulima munda wa apongozi, kumwa madzi a pachitsime cha eni ake. Ndinagulitsa njinga ndi mbuzi ziwiri, kupangitsa pasipoti, n'kukwera basi.

Za ku Joni sindikometsera. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinkakanda ufa pamalo ophikira buledi, n'kumagona ndi anzanga atatu m'kachipinda ka malata komwe nthawi yozizira kankangokhala ngati fuliji. Lamlungu ndilo linkandipweteka. Anzanga akapita kokamwa, ine ndinkatsala pamphasa kumvetsera mauthenga a kumudzi, ena kuwabwereza katatu kuti ndingomva tambala akulira kumbuyo kwa mawu a mkazi wanga. Uthenga uliwonse unkayamba ndi moni n'kuthera pa vuto. Ndinkatumiza osadandaula. Nyumba inafoleredwa ndi malata, mwana wathu Tadala analowa sekondale, ndipo a Feston omwe aja anayamba kunditchula kuti "alamu athu a ku Joni".

Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi mtsinje wa pakati pa mudzi ndi msewu wopita ku Nathenje. Mlatho wake unali wa mitengo, ndipo dzinja lililonse unkapita ndi madzi. Chaka china Tadala anajomba sukulu milungu itatu chifukwa cha mtsinjewo. Khansala amene analipo ankangooneka pamaliro, kulankhula n'kudya n'kumapita. Ndinadandaula pagulu la pafoni la anthu a kumudzi, ndipo mawa lake kunabwera uthenga wa a Feston: "Alamu, anthu kuno akuti khansala ndinu. Tabwerani mudzaime, tikusainirani tonse." Uthengawo ndikadali nawo mufoni. Ndimaumvetsera ndikaona kuti mtima wayamba kufewa.

Malamulo ndinawawerenga bwinobwino, pasapezeke wonena kuti ndinalowa m'madzi osadziwa kuya kwake. Woima pachisankho ayenera kukhala wolembetsa m'kaundula wa ovota, ndipo kulembetsa n'kwa mwini wake, ndi chiphaso chake cha unzika, m'masiku okhawo amene apatsidwa kudera lanu. Akadutsa adutsa. Ndinasiya ntchito, kubwera, n'kulembetsa pasukulu ya kufupi ndi mudzi wa mkazi wanga. Chimene sindinachiganizire n'chakuti kuchokera pa kulembetsa kukafika pa kupereka mapepala pali miyezi yambiri, ndipo miyezi yonseyo ndinali pakhomo, osatumiza kanthu kwa wina aliyense. Mwezi woyamba ndinali bwana. Wachitatu ndinali alamu. Pofika wachisanu ndinali nditabwerera kukhala mkamwini uja wa mimba.

Nthawi itakwana ndinakalipira kubanki ndalama yoimira, yomwe sabweza, n'kutenga mapepala ngati woima payekha. Pankafunika anthu khumi olembetsa m'wodi yomweyo kuti asaine, aliyense ndi nambala ya pakachiphaso kake kovotera, ndipo mapepala akafike patsiku loikika folo koloko isanakwane. Anthu khumi okha! M'mudzi momwe hafu ya nyumba zake zinalawako shuga wanga.

Apa ndi pomwe ndinapusa. Ndinafuna kuyenda khomo ndi khomo ndekha, koma a Feston anandiimitsa. "Alamu, pano pali eni ake. Mwinimbumba ndine. Bweretsani pepalalo, ndiitana anthu tisaine mwaulemu." Munthu woleredwa bwino sadumpha mwinimbumba pamudzi pomwe anakwatira, choncho ndinapereka ndi manja awiri. Pepala linakhala kwa iwo milungu iwiri. Lero kuli maliro, mawa akuluakulu apita kudimba, mkuja tidikire amalume abwere ku Diamphwe. Panali masiku oti munthu ukaonetseretu mapepala ako kuti akuuze polakwika, ndipo onsewo anadutsa pepala langa lili pansi pa matiresi a alamu anga.

Anandibwezera m'mawa wa tsiku lomaliza, lopindidwa panayi, lili ndi dontho la mafuta pakona, lopanda dzina ndi limodzi lomwe.

"Akuluakulu akuti mkamwini asamakule mwendo," anatero akuyang'ana kumbali. "Mawa mukasiyana ndi mlongo wangayu, ndiye kuti khansala wathu adzakhala wa ku Mitundu?"

Simenti ya khonde limene anaimapo ndinagula ndine, ndipo tsiku lomwe ankailandira sanafunse kuti ikuchokera ku Mitundu kapena kuti. Ndinalowa m'nyumba.

"Amake Tadala, yambani ndinu. Tengani kachiphaso kanu."

"Kanatayika, abambo a Tadala. Ndafunafuna dzulo lonse."

Nthawi yokangana panalibe. Ndinathamangira ku Nathenje kukapempha anthu osawadziwa, ine amene ndinauzidwa kuti mudzi wonse ukundidikira. Anyamata a kabaza atatu anasaina. Mayi wina wogulitsa tomato anasaina, nati mtsinje umenewo unamudyera dengu lathunthu. Ena ankafuna ya sopo kaye. Matenanti awiri a ku esiteti anali okonzeka ndi mtima wonse, koma analembetsa kwawo, kumaboma ena. Ambiri zitupa anasiya kunyumba, pakuti ndani amapita kumsika ndi kachiphaso kovotera? Pofika thuu koloko ndinali ndi mayina asanu ndi anayi. Ndinaimbira achemwali anga a Esinati ku Mitundu, ndipo anabwera panjinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze, n'kusaina dzina lakhumi. Ndinkadziwa kuti sizingatheke, koma munthu womira amagwira ndi udzu womwe.

Mkulu wolandira mapepala anayendetsa chala pamayina onse modekha, nafika pomaliza.

"Mayi awa analembetsa ku Mitundu, imeneyo ndi wodi ina. Muli ndi asanu ndi anayi, bambo. Kwatsala mphindi makumi atatu. Akazi anu sanalembetse?"

"Anataya kachiphaso."

"Zimenezo si vuto. Abwere okha, tiwapeza m'kaundula."

Ndinaimba. Foni yozima. Ndinaimbanso kasanu, yozimabe. Panja panali anthu ambirimbiri, koma onse atavala nsalu za zipani zawo, akuvinira anthu awo. Ndinapempha atatu, wachitatuyo anandifunsa kuti kodi ndine wa kwa yani. Folo koloko inakwana ndili chiimire pakhonde, chitseko n'kutsekedwa. Mkulu uja sindimuda ayi. Tsiku ndi ola zinalembedwa poyera, ndipo kufikira ola limenelo iye yekha ndiye anandiuza zoona.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Mkazi wanga anali pamkeka akutonola chimanga. Sanafunse kuti zayenda bwanji. Analowa m'nyumba, natuluka ndi pasipoti yanga itakulungidwa m'pepala la shuga.

"Ndinaiona, ikadali ndi zaka zitatu," anatero. "Akuti basi imanyamuka Lachisanu."

Nditaitsegula, munagwa kachiphaso kovotera, nkhope yake ili pomwepo. Tonse tinakayang'ana kali pansi. Sanachite manyazi n'komwe.

"Abambo a Tadala, ukhansala umadyetsa ana? Mtsinje tidzawoloka ndi miyendo monga kale. Nanga fizi ya Tadala tidzalipira ndi mlatho?"

Ndikanakonda akanandinamiza. A Feston ndikhoza kuwada mpaka kufa, ndipo ndikuwada. Koma uyu ananena zimene mudzi wonse unkaganiza, ndipo ananena akundiyang'ana m'maso. Anthu a m'mudzimo anandiitana kuti ndidzaime poganiza kuti ndi nkhani zongocheza pafoni, kuti munthu wa nzeru zake sangasiye ntchito ku Joni chifukwa cha mitengo inayi ya pamtsinje. Ine ndinamva ngati akundifuna.

Sindinakwere Lachisanu limenelo. Ndinakakhala kwa achemwali ku Mitundu, komwenso amalume anandilandira ndi mawu akuti, "Malata munakhoma kwa eni, kuno mwabwera ndi chikwama." Ndinadikira tsiku lovota chifukwa voti yokhayo palibe akanandibisira pansi pa matiresi. Pamzere ndinaona mkazi wanga ali patsogolo, kachiphaso kali m'manja.

Pano ndabwerera kokanda ufa, kwa bwana wina, malipiro ochepa kuposa kale. Fizi ya Tadala ndimatumiza kusukulu mwachindunji. Mvula yoyamba itagwa kumudzi, foni inalira ndili pantchito, manja ali ufa okhaokha. Anali a Feston, mawu okoma ngati palibe chinachitika.

"Alamu athu a ku Joni, muli bwanji kumeneko? Kuno tili bwino, koma mlatho uja wapitanso ndi madzi."