Chinkhupule m'Galimoto ya Mmwenye

Sukulu ndinalekera Sitandade 3 nditakangana ndi aphunzitsi, ndipo pepala lokha limene ndinali nalo linali laisensi yoyendetsera galimoto. Ndi limene linandipezetsa ntchito kwa mmwenye wina wa sitolo pa Chadiza, amene analinso ndi kasitolo ku Zingalume. Masiku amenewo boma linali lidakali la azungu. Kupanda ntchito imeneyo ndikanabwerera kukagwira khasu la chikamwini kwa apongozi.

Galimoto yake anaigula kwa mzungu wa fodya amene ankabwerera kwawo. Inabwera ndi chitini chobulungira, chachitali ngati mkono, chopachika pazenera la mbali ya bwana. Unkathiramo madzi n'kukoka kachingwe. Galimoto ikathamanga, mphepo inkalowa kukamwa kwake, kudutsa pa zonyowa zam'kati, n'kutulukira m'galimoto itazizira ngati ya kudambo m'mawa. Bwana ankachikonda kuposa galimoto yeniyeniyo.

Mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, chinayamba kutulutsa mphepo yotentha. Bwana anakoka kachingwe, kukokanso, kenaka anandiyang'ana.

"Dalaiva, wachita chiyani?"

"Sindinachikhudze, bwana."

"Kwa mzungu sichinafe. Chafera m'manja mwako. Lachisanu tipita ku Zingalume. Chikakhala chonchi, makiyi ndipatsa wina."

Winayo ndinkamudziwa. Kalaliki wa pasitolo anali ndi mlamu wake, bambo wamkulu kwa ine, amene anayendetsa malole kunkhondo. Tonse tinkangomuti Msilikali. Chibwerereni analibe ntchito, koma tsiku ndi tsiku ankapezeka pakhonde la sitolo, ndipo kawiri konse ndinamupeza akupukuta nyali za galimoto popanda womutuma.

Ndinatsitsa chitini chija n'kukhala nacho pansi pa mtengo wa mango. Madzi analimo. Ndinachipendeketsa uku ndi uku, sichinadonthe. Kachingwe kankazunguza zam'kati bwinobwino. Nditamasula chivundikiro ndinaona vuto: m'kati munali khola la waya lozungulira, limene linkayenera kudzaza ndi timizere tofewa ta mtengo tomwa madzi, koma linali lopanda kanthu. Timizereto tinangotsala pang'ono kumapeto. Pamadzi pankayandama timanyi ta khoswe.

Wina akanati nkhani yatha, ndi makoswe. Koma sefa ya kukamwa kwa chitinicho inali ndi bowo, mawaya ataduka. Khoswe amadya thumba, amadya sopo, koma waya? Nanga timanyi ta khoswe timasowa m'sitolo ya mtedza? Munthu angatole dzanja lonse n'kuthira pomwe wafuna.

Mutu unanditentha. Ndinapita pakhonde sefayo ili m'manja n'kumugwira Msilikali pamalaya.

"Achimwene, khoswe wanu uja amayenda ndi pulayasi?"

Sanadzidzimuke n'komwe. Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono ngati akuchotsa chisoso pabuluku.

"Mwana iwe, ine ndinkawolotsa malole pamitsinje iwe ukuyenda wopanda kabudula. Ndikafuna mpando wako sindingatume khoswe."

"Ndiye mukuufuna!"

"Amene saufuna ndani?"

Anthu ogula mchere anaseka. Kalaliki anatuluka, natenga sefa ija, naikanda ndi chikhadabo.

"Dzimbiri ili, aphwanga. Taonani, ikuthothoka yokha."

Dzimbiri linalipodi, sindikana. Koma anathamangira bwanji kunena dzimbiri asanayang'anitsitse? Munthu ndi mlamu wake sasiyana mawu.

Ndinabwerera pansi pa mango. Kaya khoswe kaya munthu, Lachisanu linkabwera ndithu. Ndinayesa udzu wouma, koma sunkasunga madzi. Ndinayesa thonje. Linamwa madzi n'kugwirana ngati phala lozizira, ndipo nditapuzira ndi pakamwa mpweya sunadutse. Chiguduli cha thumba chinkanunkha mtedza wovunda. Nthawi yonseyi Msilikali anali pakhonde, mwendo pamwamba pa unzake, akundionerera.

Madzulo ndikusamba kunyumba, ndinafinya chinkhupule chimene ndinkadzikhulira, ndipo ndinaima. Chimamwa madzi, koma n'chamabowo okhaokha. Pampanda wa bafa panali zouma zambiri. Ndinathyola zingapo, kuzisenda, kukutumula njere, n'kuzibisa m'malaya. Mkazi wanga anafunsa ngati ndayamba kusambitsa amwenye. Sindinamuuze. Nkhani ikanafika kuchitsime ikanafikanso pakhonde la sitolo.

M'mawa ndinakonzera kuseri kwa nkhokwe, kumene Msilikali sakanandiona. Ndinaduladula zinkhupule, kuzilonga m'khola la waya mosapanikiza, n'kutseka bowo lija ndi kachidutswa ka sefa ya ufa. Mpaka Lachisanu chitinicho chinkagona kunyumba kwanga.

Tinanyamuka dzuwa litakwera. Titadutsa minda ya pafupi ndinaponda mafuta, bwana n'kukoka kachingwe. Choyamba chitinicho chinalavula njere ziwiri zakuda pamalaya ake oyera. Kenaka mphepo inabwera, yozizira kuposa kale. Bwana anatseka maso, natsamira.

Koma chinkhupule chimamwa msanga. Tisanafike tinaima kawiri kuti ndithire madzi, ndipo bwana ankadana ndi kuima panjira. Titabwerako anandiitana pakhonde, kalaliki ali pambali pake.

"Makiyi sunga, dalaiva. Koma pakufunika munthu wothira madzi tili paulendo. Kalaliki wandipezera."

Ulendo wotsatira Msilikali anakwera kumbuyo, debe la madzi pakati pa miyendo. Anakhala kuseri kwanga kwenikweni, moti mpweya wake ndinkaumva pakhosi. Ndikasintha giya, ndinkamuona pagalasi akuyang'ana dzanja langa, kenaka nkhope ya bwana.

"Yendetsa bwino, mwana," anatero. "Ine ndangobwerera madzi."