Foni ya Ababa Yodontha Mayunitsi

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, pamene ndinalowetsa bambo anga m'ngongole iwo osadziwa. Tinkakhala ku Senga Bay, kuseri kwa matebulo oyanikapo nsomba, kumene ngakhale zovala zongochapa kumene zinkamveka usipa. Ababa, a Saidi, sankalowa m'madzi. Ntchito yawo inali kugula usipa kwa asodzi m'mamawa, kuuyanika, n'kuugulitsa kwa amayi a geni ochokera ku Lilongwe. Sanali munthu wodzitama, kupatula pa chinthu chimodzi. Ankati chibadwire sanakongolepo kanthu kwa munthu, ngakhale singano, ndipo wa katapila akadutsa pakhomo pathu ankayang'ana kumbali. "Chiwongoladzanja ndi haramu, Mulungu amaletsa," ankatero, ngakhale panalibe wowafunsa.

Geni yawo yonse inkayenda ndi kafoni kamabatani, kamene chivindikiro chake chinali chomanga ndi mphira. Kwathu kunalibe magetsi, choncho ndikaweruka kusukulu ndinkapita nako kwa a Banda, bambo amene ankatchaja mafoni ndi kugulitsa makhadi a mayunitsi pansi pa ambulera, pa siteji ya makabaza. Ndinalinso mlembi wa Ababa. Chiarabu cha m'Kurani ankawerenga bwinobwino, koma tizilembo ta pafoni tinkawatulutsa misozi, ndiye uthenga uliwonse ndinkawawerengera ndine.

Tsiku lina ndikuchokera kotchajitsa, foni inalira m'thumba la diresi. Unali uthenga wa kampani ya foni. Unkati ngati mayunitsi atha ndisadandaule, ndingodina manambala akutiakuti ndipo andikongoza pompopompo. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango, ndinayang'ana uku ndi uku, ndinadina. Mphindi isanathe, K50 inali italowa. Ndinadabwa kwambiri. A Banda ukawapempha switi pangongole ankayamba akufunsa kuti ndiwe mwana wa yani, ukawauza n'kukukanabe. Koma foni sinandifunse dzina, zaka, kapena tsiku lobweza.

Ntchito ya ndalamayo ndinali nayo kale. Lamlungu lililonse masana pawailesi pankakhala pulogalamu ya moni, ndipo ine ndinkalakalaka dzina langa litatuluka m'kawailesi ka amayi. Ndinatumiza uthenga woyamba, sunawerengedwe. Sabata yotsatira ndinaganiza kuti woulutsayo ali ndi mulu wa mauthenga patebulo, ndiye ndinatumiza asanu kuti umodzi ukhale pamwamba. Lamlungu la sabata yachitatu, ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba, ndinamva, "Halima Saidi wa ku Senga Bay akupereka moni!" Mbale inandipulumuka. Wina atawauza Ababa kunyanja kuti mwana wawo wamveka pawailesi, anangoti, "A Saidi m'dziko muno ndi ambiri."

Lolemba kusukulu ndinali bwana. Anzanga anayamba kundibweretsera mango ndi zigumu kuti nawonso ndiziwatchula, ndipo mndandanda wa opatsidwa moni unatalika mpaka uthenga umodzi unkadya ndalama za mauthenga atatu. Foni nayo inali yokoma mtima. Inandilembera kuti popeza ndimabweza bwino, tsopano ndikhoza kutenga K100, kenako inati K200. Ndinanyada. Sindinadzifunse kuti wobweza bwinoyo ndani, poti ine ndinali ndisanabwezepo ngakhale tambala. Komabe chinachake mumtima chinkadziwa, chifukwa mauthenga onse a kampaniwo ndinkawafufuta ndisanafike kunyumba.

Wobweza bwinoyo anali Ababa. Ankagula khadi kwa a Banda, n'kulikanda mosamala ndi chikhadabo, ine n'kuwalowetsera manambala. Akaimba, zinkangokhala, "Halo, mayi a Chisomo? Usipa wauma, mubwere ma..." foni tuu! Ankaichotsa kukhutu n'kuiyang'anitsitsa ngati mbuzi imene yawatukwana.

Poyamba anaganizira amayi kuti akuimbira achemwali awo a ku Nkhotakota. Amayi anati, "Ine kafoni kanuko ndimakaopa ngati nkhanira." Kenako anati batire lalowa chinyezi, anaika foni padzuwa pamodzi ndi usipa. Sizinathandize. Mnzawo wina wa kunyanja anawauza kuti mafoni akakalamba amadontha mayunitsi, ndiye anayamba kuikulunga m'majumbo awiri n'kumanga pakamwa. Ine ndinali pomwepo, nkhope ili phee, kuperekanso nzeru. "Mwina ndi netiweki, Ababa." Iwo anakwera pachulu, munthu wamkulu wa ndevu zake, foni ili m'mwamba ngati akuitana khwangwala. Ndinaseka chobisa m'chitenje cha amayi.

Kuseka kunatha mvula itayandikira. Sabata imeneyo usipa unaphedwa wambiri, ndipo Ababa anathira ndalama zawo zonse mu nsomba, kungotsala K200 ya khadi limodzi. Mayi a Chisomo, kasitomala wawo wamkulu uja, anali atawauza kuti usipa ukangouma aimbe, akwera minibasi tsiku lomwelo. Usipa unauma, mitambo inayamba kuda cha ku Maganga. Ababa analowetsa khadi lija, anaimba, foni inaduka moni asanathe. Ndalama ina analibe. Anzawo anawapatsa mafoni awo kuti aimbire, iwo anakana, amvekere kubwereka ndi msuweni wa kukongola. Mayi aja anadikira mpaka madzulo, osamva kanthu, anakagula kwina. Mvula inagwa masiku awiri. Usipa tinauthawitsira m'nyumba, koma wina unanyowa n'kuchita nguwi, ndipo anaugulitsa motchipa kwa oweta nkhuku. Sabata yonse tinamwa tiyi wopanda shuga. Ine tiyiyo ankandiwawa kuposa onse, koma sindinaulule.

Mvula itakata, Ababa anavala mkanjo wawo woyera ndi kofia. "Halima, tiye. Iwe umawerenga, ukakhale mboni."

Tinawapeza a Banda akukonza mawaya a matchaja, anyamata a makabaza atakhala pamithunzi ya njinga zawo.

"A Banda, ine ndi inu tadziwana zaka zingati?"

"Zambiri, a Saidi. Kwagwanji?"

"Nanga bwanji mukundigulitsa makhadi osungunula ndi madzi?"

A Banda anaika waya pansi. "Achimwene, khadi si mkaka."

Anyamata aja anadzuka, anatizungulira. Ababa anafotokoza zonse, za majumbo, za chulu, za usipa wa nkhuku, mawu akukwera. A Banda anakwiya, chifukwa munthu wa geni ukamutchula wakuba pagulu wamuvula. Anatenga khadi la K100 pamulu, anakanda pamaso pa aliyense, anati alowetsa okha ndi dzanja lawo. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwathandize, a Banda anandikankhira kumbali. Foni inalira. Aka kanali koyamba kuti uthenga wa kampani ufike foni ili m'manja mwa munthu wina. A Banda anauwerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati kalata ya kukhoti.

"Zikomo pomaliza kubweza ngongole yanu ya K200 ndi chiwongoladzanja cha K20. Ndinu kasitomala wokhulupirika. Tsopano mukhoza kukongola K500."

Kenako mnyamata wina wa kabaza anaomba m'manja. "A Saidi, akukwezani udindo!"

"Ngongole? Ine?" Ababa anagwira pachifuwa. "Wallahi, foni imeneyo ikunama!"

"Foni siikongola yokha," anatero a Banda. "Tiyeni tione kumene ndalama zinkapita." Anadinadina mabatani. Ndinkadziwa kufufuta mauthenga obwera, koma sindinkadziwa kuti otumizidwa nawonso amakhala ndi kabokosi kawo. Onse anali momwemo, ondondozana bwino. A Banda anakonza pakhosi.

"Ndine Halima Saidi wa ku Senga Bay. Moni kwa Mwatitha, Zainabu, Esinati, a Sitandade 6 onse kupatula Jafali. Moni kwa amayi. Moni wapadera kwa Ababa, munthu wopanda ngongole m'Senga Bay monse."

Wina anagwa pamodzi ndi njinga yake chifukwa cha phwete. Mayi wogulitsa mandasi anasiya beseni n'kukhala pansi, misozi ili chuchuchu. Amene sitinaseke tinali awiri okha. Ababa sanandiyang'ane. Anavula kofia, anaigwira ndi manja awiri, anati, "A Banda, ndakulakwirani pamaso pa anthu. Mundikhululukire pamaso pa anthu omwewa." Ndinali ndisanaonepo bambo anga akupepesa munthu, ndipo zinandipweteka kuposa mkwapulo umene ndinkauyembekezera.

A Banda anawakhululukira, ndipo anawathandiza kuwerengera zonse zimene zinapita m'miyezi iwiri imene ndinkakongola. Zinakwana pafupifupi K1,800, pamwamba pake chiwongoladzanja. Ababa chimene chinawasowetsa mtendere kwambiri chinali chapamwambacho. Lachisanu atatha mapemphero anakafunsa kwa shehe ngati munthu amachimwa pamene thumba la malaya ake lakhala likulipira chiwongoladzanja iye osadziwa. Shehe anawauza kuti wosadziwa alibe tchimo, koma kuyambira tsopano azidziwa zimene zikuchitika m'thumba mwake.

Mkwapulo sunabwere. Sukulu itatsekera, Ababa anandilemba ganyu. Kuyambira m'mawa ndinkaima pamatebulo kutembenuza usipa, kuingitsa amphaka ndi akhwangwala, kuthawitsa nsomba mitambo ikada n'kuzibwezanso dzuwa likatuluka. Mchenga unkawotcha kumapazi, mamba ankamata m'zala, ntchentche zinkandiperekeza mpaka kunyumba. Anzanga amene ndinkawatchula pawailesi ankadutsa popita kosambira, osandipatsa ndi moni yemwe. Madzulo Ababa ankatulutsa K100 n'kundiika m'manja.

"Werenga. Yakwana?"

"Yakwana, Ababa."

"Ndi yako imeneyo. Waigwirira ntchito. Ukanagula chiyani?"

Ndinkatchula: mandasi, sopo wonunkhira, zomangira tsitsi. Ankandimvetsera mpaka ndimalize, akugwedeza mutu, kenako n'kutambasula dzanja.

"Bweretsa."

Tinachita zimenezi masiku khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo tsiku lililonse ankafunsa funso lomwelo, ine n'kumayankhabe ngati chitsiru. Tsiku lomaliza ndinasamba m'manja mokondwa, koma iwo anati, "Mawa ulawirire. Kwatsala masiku awiri a chiwongoladzanja."

"Koma Ababa, munati ndi haramu!"

"Ndi haramu ndithu. Ndikufuna uchilawe, udziwe chifukwa chake."

Masiku awiri amenewo anali aatali kuposa ena onse. Pa masiku enawo ndinkatha kunena kuti apa ndikulipira moni wa Zainabu, apa wa Esinati. Koma awiriwa ndinkagwirira chinthu chimene sindinachidye, sindinachimve pawailesi, sindinachione ndi maso. Ndalama yake Ababa sanaisunge, anakaiponya m'bokosi la sadaka kumzikiti.

Lero ndine mphunzitsi wa pulaimale ku Salima boma. Mafoni a masiku ano sakongozanso mayunitsi okha, amakongoza ndalama zenizeni, ndipo amalemba mwaulemu kuposa wachibale. Mwezi ukatha ndimaona anzanga a ntchito, anthu ophunzira bwino, malipiro atangolowa n'kuthera m'ngongole tsiku lomwelo, akuyendayenda kufuna wowakongoza ya minibasi. Sindiwaseka, chifukwa nanenso chala chimandiyabwa. Chimene chimandidabwitsa ndikakumbuka n'chakuti teremu yomwe ija tinaphunzira masamu a chiwongoladzanja m'kalasi, ndipo ine ndinakhoza onse. Ndinkadziwa kuchulukitsa ndi kugawa, koma palibe anandiuza kuti manambala a pabolodiwo amatha kulowa m'nyumba n'kuchotsa shuga mu tiyi.

N'chifukwa chake ndikamaphunzitsa mutu umenewu, ana a m'kalasi mwanga sayankha m'makwacha okha. Akapeza yankho ndimawafunsa kuti mayi awo kapena bambo awo amapeza zingati patsiku, ndipo ngongoleyo ndi masiku angati a thukuta lawo. Inenso ndimadziwerengera chimodzimodzi uthenga wokoma ukafika. Zinthu zambiri zimene ndimazisirira m'mashopu a pa boma pano, ndikazisandutsa masiku oima padzuwa, ndimapeza kuti sindikuzifuna kwenikweni.