Munthu Wogwira Makutu pa Mlatho

Anagogoda Lolemba m'mawa, m'nyengo yotentha, ndikusakaniza penti pa kashopu kanga ku Nangongwe. Anali amuna awiri ovala majekete, dzuwa lonse lija. Wamkulu analoza thabwa limene ndinapachika pakhoma.

"Ndimwe munadrowinga ichi?"

"Ndine, abwana."

"Nyamulani. Tifuna tikambe naimwe pang'ono chabe."

Pang'ono pakeyo panatha mvula itagwa n'kusiya.

Ntchito yanga inali yolemba zikwangwani za magolosale ndi mabawa. Chithunzicho ndinachipeza pa pepala la magazini limene mayi wina anandikulungiramo zitumbuwa, mawu a pansi pake atang'ambika. Panali munthu wopanda tsitsi ataima pa mlatho, pakamwa yasa, manja ali m'makutu. Thambo linali lofiira, pamadzi timabwato, ndipo kumbuyo kwake anthu awiri ovala zakuda akuyenda. Chinandikoka mtima, ndipo ndinachikopera pa thabwa ndi penti yotsala. Zitsulo za m'mbali mwa mlatho sizinkaoneka bwino chifukwa cha mafuta a zitumbuwa, choncho ndinajambula za mlatho umene ndinkaudziwa, wathu wa pa mtsinje wa Kafue. Masiku amenewo mlathowo unkalondedwa ndi mfuti, ndipo ngakhale kuuyang'ana nthawi yaitali unali mlandu. Zimenezi sindinaziganizire n'komwe.

Ananditengera ku nyumba ina yopanda chikwangwani. Ndinazindikira zimenezo msanga, poti ndi ntchito yanga. Anandilanda lamba ndi nsapato, thabwa lija n'kulitsamiritsa pa tebulo.

"Iyi bridge tiiziba," anatero wamkulu uja. "Iyi red ni moto wa bomba. Manje tiuzeni, aba babili kumbuyo ni bandani?"

Ndinafotokoza za zitumbuwa. Wamng'ono anaseka mpaka kutsokomola, koma wamkulu sanaseke. Anati palibe munthu amajambula anthu osawadziwa. Kenako analoza timabwato tija n'kutchula mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, msodzi amene ankatchera maukonde kumunsi kwa mlatho pamodzi ndi mnzake wopalasa.

"Kambani chabe ati ni beve. Lelo lamene muzagona ku nyumba."

Ndinadziwa tanthauzo lake. Ine ndikanatuluka, iwo n'kulowa, ndipo mlandu wawo sukanakhala wa penti. Mlamu wangayo tinali osamvana kwenikweni, ankanditcha mlesi wogwira ntchito ndi kaburashi. Koma anali ndi ana asanu, ndipo mlatho ankangoudziwa ngati malo othawirapo mvula. Ndinati anthu awiriwo ndi a m'magazini.

Zimene zinatsatira sindizilemba zonse. Ndingonena kuti anali ndi paipi yothirira madzi m'dimba ngakhale pamalopo panalibe dimba, ndipo kwa masabata angapo sindinkatha kuima pa mapazi anga. Wamng'ono uja ankakonda kunena kuti, "Apa tizakupentani naimwe." Ankaona ngati ndi nthabwala yabwino, moti ankaibwereza tsiku lililonse.

Chipinda changa chinali choyandikana ndi chofunsiramo mafunso. Kumenyedwa kumapweteka, koma kumatha. Chimene sichinkatha ndi kumva ena. Masana ena, chakumapeto kwa chaka, anabweretsa bambo wina amene sindinamuonepo nkhope. Ankaitana amayi ake m'Chitonga. Ndinakhala pansi pakona, ndipo patapita kanthawi ndinadzipeza nditatseka makutu ndi zikhatho, pakamwa pali yasa, koma osatulutsa liwu lililonse.

Pamenepo ndi pamene ndinachimvetsa chithunzi chimene ndinajambula ndekha. Nthawi yonseyi ndinkati munthu wa pa mlatho uja akukuwa. Ayi ndithu. Munthu wokuwa satseka makutu. Iye akumva kukuwa kochokera kwina, kumene kwadzaza thambo ndi madzi, ndipo alibe pothawira. Awiri a kumbuyo aja akuyenda bwinobwino, ngati akupita kumsika. Ndinalira tsiku limenelo, koyamba chilowereni m'nyumbamo.

Atandiitananso n'kufunsa za awiriwo, ndinkafunitsitsa kuyankha kuti, "Ndinu, abwana, mpaka majekete." Koma mapazi anga anandilangiza kuti ndikhale chete, ndipo ndinawamvera.

Ananditulutsa Lachisanu lina mvula itasiya, popanda mlandu, popanda pepani. Thabwa lija anati ndi katundu wa boma. Wamng'ono uja ndiye anandiperekeza pa geti, nsapato zanga zili m'manja mwanga poti sizinkalowanso. Tili panja anatsitsa mawu.

"Ba painter, niuzeniko chabe. Uja muntu wa pa bridge alilira chani?"

"Sakulira," ndinatero. "Akumva."

Anacheukira ku nyumba ija, n'kutseka geti.

Kunyumba ndinapeza mlamu wanga atakhala pakhonde, atabweretsera mlongo wake nsomba monga ankachitira sabata iliyonse chimangidwireni ine. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwaona manje, ba mulamu? Ma drawing yanu aya!"

Ndinavomera kuti akunena zoona. Anamwalira ali nkhalamba, ali pa mphasa yake, osadziwa kuti anakhalapo m'chithunzi.

Lero nkhope ija ili m'foni ya aliyense, kachikasu, manja m'masaya. Mwana wanga wa ku Kafue Estates amanditumizira kankhopeko mtengo wa ufa ukakwera, kapena minibasi ikamusiya. Anandiuzanso kuti chithunzicho n'chotchuka dziko lonse, ndipo anajambula ndi mzungu wa ku dziko lozizira amene Kafue sanaionepo. Sindikwiya nazo, mwinanso ndimaseka. Anthu akandifunsa kuti ufulu ndinaumva bwanji, amayembekezera kuti ndinena za geti kapena za nshima ya kunyumba. Koma ufulu unandipeza mochedwa, patapita zaka. Mwana wa aneba analira kuseri kwa khoma, manja anga ananyamuka okha kupita kumakutu, ndipo ndinakumbuka kuti chitseko changa chilibe loko kunja. Ndinatsitsa manja, ndinavala nsapato, n'kupita kukaona chimene chamuchitikira.