Uvuni wa Aphunzitsi Gwaza

Fungo la uvuni wa njerwa likandipeza pamsewu wa ku Golomoti, ndimakumbukira a Gwaza, aphunzitsi athu a sitandade seveni. Ankavala tayi ngakhale kutenthe bwanji.

Ankaima pabolodi n'kumakalipa: "Makolo anu ndi mbuli! Akutha mitengo, n'chifukwa chake mvula yasokonekera. Bwerezani!" Ife tinkabwereza mokweza, thukuta lili kamukamu.

Koma ukachedwa kusukulu, chibalo chinali chimodzi: kukadula mitengo ya tsanya m'mbali mwa mtsinje n'kukatula pa uvuni wawo, poti ankamanga nyumba. Ine, matuza ali m'manja, ndinkaganiza kuti mitengo ilipo ya mitundu iwiri: yam'buku yoitana mvula, ndi yathuyi yongowotchera njerwa. Tsiku lina ndinawafunsa kumene yoitana mvulayo imamera. Anandikwapula.

Chaka chatha mtsinje uja unasefukira n'kukokolola mpunga wathu wonse. A Gwaza, imvi zili mbuu, anabwera kumsonkhano wokambirana za kusefukirako atavala tayi.

"Anthu akumudzi simumva," anatero.

Nyumba yawo ili pamtunda, sinanyowe n'komwe. Njerwa zake zinapsa ndi mitengo imene ikanatchinga madziwo.