Churayi wa Nogaye

Mukafika ku Guet Ndar, mudzi wathu wa asodzi, n'kufunsa kuti lubani wabwino ali kwa ndani, ngakhale mwana akulozerani kwa Nogaye, mlamu wanga. Kwathu lubaniyu timamutcha churayi, ndipo mkazi wosadziwa kufukiza m'nyumba timati banja akungoliseweretsa. Nogaye anaphunzira kwa azakhali ake ali kamtsikana: timizu, utomoni ndi mafuta onunkhira, n'kuzitsekera m'mabotolo mpaka zitagwirana. Akadutsa mumsewu wathu wonunkha nsombawu, amuna amaiwala kuti akusoka ukonde.

Anakwatiwa ndi mchimwene wanga Birame, msodzi. Zaka zinapita, mwana osaoneka. Amayi athu sasunga mawu pakamwa, choncho anayamba kutchulatchula dzina la Dieynaba, mwana wa msuweni wawo, ati amaphika bwino, ati kwawo amabereka. Tonse tinadziwa kuti mkazi wachiwiri ali m'njira. Ine zinkandiwawa kwambiri, chifukwa kunena zoona Nogaye ndimamukonda kuposa mchimwene wangayo.

Itafika nyengo ya mphepo yozizira ya fumbi, Birame ali kunyanja, Nogaye anatuluka m'chipinda masana ena atagwira khoma. Anali akuyesa churayi watsopano pa makala, zenera atatseka monga mwa nthawi zonse kuti fungo lisathawe.

"Iwe, watani?" anafunsa Amayi.

"Mutu ukugunda, Amayi. Nyumba yonse ikuzungulira." Atangotero anasanza.

Amayi anatsegula pakamwa kuti aimbe nthungululu, kenako anadzitseka okha ndi dzanja. Pakati sitilengeza kwathu, timaopa malilime a anthu. Anandikokera pambali maso ali mbee.

"Seynabou, chizungulire ndi nseru! Ine ndinabereka, ndikuzidziwa izi. Ukauza munthu ndikudula lilime."

Ha, chimwemwe chake! Chinsinsicho chinali ngati ng'oma yokutidwa ndi chitenje. Amayi ankaphika mpunga wa nsomba mapewa akuvina, ankagula nyama popanda phwando, ankapatsa moni ngakhale anthu amene anayambana nawo kalekale. Dzina la Dieynaba linazimiririka. Inenso ndinayamba kusankha nsalu yoberekera mumtima. Ndipo pofuna kubisa mpongozi wawo ku maso oipa, Amayi analamula kuti Nogaye azikhala m'chipinda, anakhomera chiguduli pazenera, n'kumamuwonjezera makala m'kamphika kofukizira kuti asazizidwe.

Chizungulire chinakula. Akatuluka kukachapa ankapepukidwa, akabwerera m'chipinda mutu unkayambiranso. Amayi ankangoti, "Ameneyo ndi mwana wamwamuna, amavuta choncho."

Birame atabwera kunyanja anadya n'kulowa m'chipindamo kuti apumule. Tiyi asanawire n'komwe, tinamuona akutuluka chokwawa. Munthu amene mafunde sanamuzunguzepo mutu chibadwire, akusanza pakhomo!

Ndinaseka mpaka misozi. "Achimwene, nanunso muli ndi pakati? Ndiye tigula nsalu ziwiri!"

"Siya zopusa," anatero movutikira. "Nogaye sakudzuka."

Kuseka kunathera pomwepo. Tinamukokera panja ali lobodo, tinamukupiza ndi mbale, n'kuthamangira nawo onse awiri kuchipatala. Nogaye atatsitsimuka, namwino anamuyeza zonse. Malungo analibe, magazi anali okwanira ndipo sankathamanga. Ngakhale pakati pomwe panalibe.

"Chizungulire ndi mutu zimabwera ndi zambiri," anatero namwinoyo. "Kuchepa kwa magazi, kusadya, kusamwa madzi, vuto la maso kapena la m'khutu. Koma anthu awiri, chipinda chimodzi? Mumayatsamo chiyani, mayi?"

"Churayi basi," anayankha Amayi. "Ndi timakala tochepa."

"Zenera?"

Amayi anayang'ana pansi.

Namwino anafotokoza kuti makala akamayaka m'nyumba yotseka amatulutsa mpweya wakupha, wosaoneka komanso wopanda fungo. Ife tinkangomva kununkhira n'kumati zonse zili bwino. Anati tikanachedwa pang'ono tikanakamba zina.

Pobwerera kunyumba Nogaye ankalira mwakachetechete. Sankalira mpweyawo ayi, ankalira mwana amene kunalibe. Titalowa pabwalo anagwada pamaso pa Amayi.

"Amayi, ndakukhumudwitsani. Ngati mukufuna Dieynaba, kamutengeni."

Amayi analowa m'chipinda muja, tinangomva chiguduli chikung'ambika, zenera n'kutseguka mwamphamvu mpaka chotsekera chimodzi kugwera mumsewu. Anatuluka atanyamula kamphika ka makala, nakakhazika pakati pa bwalo.

"Dzuka, mwana wanga," anatero. "Ndinkasamala mdzukulu amene kulibe, ndikupha mwana amene ndili naye. Dzuka!"

Lero Nogaye amafukizira pabwalo, ndipo fungo limene ankalitsekera lija limayenda msewu wonse, moti akazi amabwera kuchokera kutsidya kwa mlatho kudzagula. Mutu unasiya, chizungulire chinatha. Mwana sanabwerebe, koma mlendo wina atayerekeza kufunsa za Dieynaba, Amayi anamulanda kapu ya tiyi m'manja n'kumuonetsa khomo.